Chikomekome cha Mkuyu: Nkhani za Umbanda za M'timizinda

Aphunzitsi ambiri akapeza mwana wasukulu atabisa buku la nkhani za umbanda kunsi kwa desiki, amalilanda osalitsekula n'komwe, nati mabuku otere ndi madeya okhaokha. Mawuwa ndi oona pa mabuku ambiri, koma osati onse ayi. Alipo ena amene amavundukula mtima wa munthu mozama kuposa mabuku a malangizo, makamaka aja amene nkhani zake zimachitikira m'kamzinda kakang'ono, momwe aliyense amadziwa mnzake.

Nkhani zotere zili mitundu iwiri. Mtundu woyamba uli ngati ndagi. M'buku la Agatha Christie la 1930, The Murder at the Vicarage, munthu aphedwa m'nyumba ya mbusa m'mudzi wa St Mary Mead, ndipo Miss Marple, mayi wokalamba wodziwa makhalidwe a anansi ake, atulukira wakuphayo. Chigawenga chikagwidwa mudzi umabwerera mwakale, wowerenga nagona tulo tabwino.

Mtundu wachiwiri sugonetsa tulo. Katswiri wake adali Jim Thompson, amene adabadwa mu 1906 ku Anadarko, m'chigawo cha Oklahoma ku America, komwe bambo wake adali mkulu wa polisi. Mu 1952 adatulutsa buku lotchedwa The Killer Inside Me. Wosimba nkhani ndi Lou Ford, wachiwiri kwa mkulu wa polisi m'kamzinda ka ku Texas, mwana wa dokotala. Anthu amamuona ngati munthu wofatsa, wopepera pang'ono, wotopetsa anzake ndi mawu okhaokha amene aliyense adawamva kale. Koma kumayambiriro kwenikweni wowerenga amamuona akuzimitsira ndudu m'chikhatho cha munthu wopemphetsa. Pambuyo pake apha Johnnie Pappas, mnyamata amene ankamukhulupirira, m'chitolokosi, anthu nayesa kuti wadzimangirira. Aphanso Amy Stanton, mphunzitsi amene adali naye pa ubwenzi. Tsono apa funso loti wapha ndani palibe. Funso ndi lakuti: munthu wotere amadziuza chiyani mumtima mwake, ndipo anansi ake adalephera bwanji kumuona?

Yankho lagona pa kuchepa kwa mzindawo. Mumzinda waukulu chigawenga chimabisala pakati pa alendo, koma m'kamzinda chimabisala m'mbiri yake yabwino. Lou adalakwira kamtsikana ali mnyamata, koma mlandu adausenza ndi Mike, mwana amene banjalo lidangomulera, ndipo dzina la dokotala lidatsala loyera. Choncho mdima suli mwa Lou yekha, ulinso mwa onse amene adasankha kusunga ulemu m'malo monena zoona. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mfundo imeneyi si ya ku America kokha. Buku lina la Thompson, Pop. 1280 la 1964, limakamba za Nick Corey, mkulu wa polisi amene anthu amamusunga pa udindo chifukwa sagwira aliyense wotchuka. Mu 1981 Bertrand Tavernier wa ku France adalisandutsa kanema wotchedwa Coup de Torchon, nasamutsira nkhaniyo kumadzulo kwa Africa mu nthawi ya atsamunda, m'chaka cha 1938, ndipo idakhala ngati idabadwira komweko.

Otsutsa ali ndi mfundo yosayenera kuinyoza. Mabukuwa ali ndi nkhanza zoopsa, makamaka kwa akazi, ndipo sayenera kupatsidwa kwa ana a m'makalasi oyambirira. Komabe pali kusiyana pakati pa buku lotamanda chigawenga ndi buku lochivula. Lou Ford sasiririka. Amafotokoza kuti adaonongedwa ali mwana ndi mayi wogwira ntchito m'nyumba mwao, koma popeza ndi wabodza wotheratu, wowerenga ayenera kuyeza yekha mawu ake onse. Kodi si luso lomweli limene mphunzitsi wa mabuku amavutikira chaka chonse, lophunzitsa ana kusakhulupirira wosimba nkhani mwachimbulimbuli? Wotsiriza sukulu amene waphunzira zimenezi sanyengeka msanga ndi lilime lozuna, kaya kuntchito kaya pa chibwenzi.

Alembi achinyamata nawonso atolepo kanthu. Kawirikawiri m'nkhani zao wakuba amakhala mlendo wa maso ofiira wochokera kutauni, ndipo akamangidwa nkhani imatha ndi chilangizo. Koma wolanda chuma cha mayi wamasiye kapena woononga mwana nthawi zambiri amakhala wachibale kapena munthu amene mudzi wonse umamuvulira chipewa. Mlembi wolimba mtima ayang'ane pa boma pomwe akukhalapo, pagolosale, pachigayo ndi pabwalo la milandu, kenaka adzifunse chimene munthu wolemekezekayo amaganiza nyali ikazima. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo ntchito ya mlembi ndi kuolotsa wowerenga.

Pamene Thompson adamwalira mu 1977, mabuku ake adali atasiya kusindikizidwa kwao ku America, koma pambuyo pake adasindikizidwanso namasuliridwa m'zinenero zambiri. Tsono mphunzitsi asanaponye buku lolandalo m'kabati, ayambe waliwerenga.

Gawo lotsatira lidzakamba za Georges Simenon wa ku Belgium ndi wapolisi wake Maigret.