Kodi Mafuta a M'bondo Amathadi?

Ku Malingunde, mayi wachikulire akamatsimphina pochokera ku nkhuni ku Dzalanyama, anthu amangoti ndi nyamakazi, ena n'kuwonjezera kuti mafuta a m'bondo anamuthera. Ine ndikuona kuti mawu amenewa, ngakhale ndi athu, akutiphimba m'maso.

M'bondo mulidi mafuta. Kunsi kwa kafupa kapatsogolo pa bondo kuli kamtolo ka mafuta kamene dokotala wa ku Germany, Albert Hoffa, anafotokoza kutupa kwake mu 1904. Kale ankakayesa nkhata chabe yotetezera mafupa. Lero n'zodziwika kuti pa matenda a osteoarthritis mafutawa satha ayi: amatupa, amalimba, ndipo amatulutsa timadzi tokolezera ululu ndi kuperepeseka kwa mfundo. Makina a MRI amaonetsa kusinthaku, pamene X-ray imaonetsa kwambiri mafupa. Ofufuza akuyesanso maselo a m'mafutawa ngati mankhwala, koma zikadali zoyesera.

MRI si nkhani ya ku Mitundu kapena ku Nathenje. Kumeneko wachipatala amadalira manja ake ndi zimene wodwala wanena. Tsono liwu lakuti nyamakazi lasenza matenda angapo osiyana mankhwala. Bondo louma m'mawa kosapitirira mphindi 30, lowawa potsika chitunda, limaloza osteoarthritis. Mfundo zouma kupitirira ola lathunthu zimaloza rheumatoid arthritis.

Ife a zilankhulo timataya nthawi kukangana za kalembedwe, chikhalirecho sitinakhalepo pansi ndi agogo ndi achipatala kuti tilembe kusiyana kwa kuwawa, kulasa, kuphwanya ndi kuuma kwa bondo.