Maliro Amodzi, Mabuku Atatu

Munthu akafa imfa yachiwawa pa Phalula, kaya wagundidwa ndi galimoto pa msewu wa M1, kaya wabayidwa pa moŵa, nkhani yake imagaŵikana patatu. Apolisi amalemba za mlandu. Achipatala amalemba za bala. Amfumu, omwe amapereka malo kumanda, ndiwo amadziŵa mkangano umene unayamba kalekale. Mabuku ameneŵa sakumana kaŵirikaŵiri, ndipo boma la Balaka, limene linapatuka ku Machinga mu 1998, limapanga mapulani ake ndi zidutswa zokha.

Kusiyana kwake sikochepa ayi. Lipoti la bungwe la World Health Organization la 2018 linaonetsa kuti imfa za pa msewu zimene Malaŵi anapereka za chaka cha 2016 zinali 1,122, pamene bungwelo linkayerekeza kuti zinali pafupifupi 5,600. Wovulala amene wakafera kuchipatala patapita masiku, kapena kumudzi osafika nkomwe kuchipatala, amasoŵa m'buku la apolisi. Kodi dziko lingachiritse bwanji nthenda imene silinaiŵerenge?

Dokotala wina wa ku Cardiff, m'dziko la Wales, dzina lake Jonathan Shepherd, anazindikira kuti ambiri mwa omenyedwa amene iye ankawasoka sankadziŵika kupolisi. Chipatala chinayamba kufunsa wovulala aliyense malo, nthaŵi ndi chida chimene chinamupweteka, nkupereka zimenezi kwa apolisi ndi khonsolo popanda dzina. Apolisi anasintha malo olondera, ndipo malo omwera moŵa anayamba kugwiritsa ntchito makapu osapweteka akasweka. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha chiwawa anachepa ndi 42 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi mizinda ina yofanana nawo.

Ena adzati kugaŵana nkhani zotere nkoopsa, ndipo sakulakwa. Pa mlandu wa MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino amene anaphedwa ku Machinga mu 2018, bwalo lalikulu mu 2022 linapeza olakwa anthu 12, ndipo pakati pawo panali wapolisi ndi wogwira ntchito yachipatala. Mndandanda wa maina ukagwera m'manja oipa ungasanduke chida. Nchifukwa chake chofunika kuyenda pakati pa maofesi si dzina, koma malo, tsiku, ora, msinkhu ndi chida.

Zimenezi sizilira kompyuta zodula. Lamulo la kalembera wa dziko la 2010 linakhazikitsa kale udindo wolembetsa imfa. Chatsala nchakuti bwanamkubwa wa Balaka aitanitse apolisi, achipatala ndi mafumu kamodzi pa mwezi, aliyense ndi buku lake, ayerekeze ziŵerengero. Akapeza kuti ana a sukulu amagundidwa pa malo amodzi nthaŵi yoŵeruka, aphunzitsi adziŵe, ndipo pamalopo pamangidwe mtumbira wochepetsa liŵiro la magalimoto.