Chinsinsi cha asilikali chikhale ndi malire

Asilikali a dziko lililonse ali ndi zinsinsi zawo, ndipo palibe munthu wanzeru angatsutse zimenezo. Koma funso lomwe ife a Malawi timachita nalo mantha ndi ili: chinsinsicho amabisira mdani, kapena amabisira ife eni dziko amene timakhoma msonkho?

Ku America kuli gulu la helikopita lotchedwa 160th SOAR, ena amati Night Stalkers. Analikhazikitsa mu 1981, ntchito yokapulumutsa anthu awo ku Iran italephereka mu 1980, asilikali 8 n'kufera m'chipululu. Ntchito yake ndi kukatula makomando usiku, kuuluka chapansipansi kuti asaonekere, n'kukawatenganso kusanache. Ndi gulu lomweli linanyamula asilikali amene anapha Osama bin Laden ku Abbottabad mu May 2011. Anyamata amaonera zoterezi m'mavidiyo n'kumaomba m'manja. Koma kuno kwathu, abale anga, ife sitinali m'ndegemo. Tinali pansi, pogwera zipolopolo.

Boma la Ian Smith ku Rhodesia linali ndi 7 Squadron, gulu la helikopita za Alouette. Zina zinkanyamula asilikali anayianayi, zina zinali ndi mzinga wa 20mm pakhomo. Zambiri mwa ndegezi, pamodzi ndi oyendetsa ake, zinabwerekedwa mwakachetechete kuchokera ku South Africa. Mu November 1977 zinakantha ku Chimoio ndi ku Tembwe m'chigawo cha Tete. Pa 19 October 1978 zinafika pa Chikumbi, kufupi ndi Lusaka, mtsogoleri wa chiwembucho, wodzitcha Green Leader, akulamula bwalo la ndege la Lusaka kuti ndege za nkhondo za Zambia zisayerekeze kunyamuka. M'makampu amenewa munafa anthu mazanamazana.

Wina ati izo n'za anansi athu, ife zikutikhudza pati? Pitani pa doko la Nkhata Bay, pomwe amalonda amadikira Ilala ndi matumba a usipa. Pamenepa chinsinsi sichinabwere ndi helikopita, chinabwera ndi boti, koma mtima wake unali womwewo. Mu 1968 Apwitikizi anapereka kwa boma la Dr Banda boti la nkhondo lotchedwa Castor. Mkhalapakati anali Jorge Jardim, bwenzi la Kamuzu la ku Beira. Botilo analisintha dzina n'kukhala John Chilembwe, woliyendetsa anali msilikali wa Chipwitikizi, ndipo ophunzira ntchitoyo anali a Payoniya. Tangoganizani: dzina la munthu amene anafa polimbana ndi atsamunda mu 1915, kulimata pa boti la atsamunda lolondera nyanja kuti a Frelimo asaoloke! Ndani akanafunsa masiku amenewo? Ukangoti tsokomole, wapita.

Zotsatira zake tikuzidziwa. A Payoniya anakula mpaka kusanduka gulu la nkhondo lachiwiri, loyankha kwa munthu mmodzi basi. Kuti alandidwe zida panafunika Operation Bwezani mu December 1993, atapha asilikali ku Mzuzu, ndipo magazi anakhetsedwa m'matauni mwathu momwe. Mfuti yobisidwa kwa anthu imadzatembenukira anthu omwewo.

Tsono taonani mbali inayo. Namondwe wa Freddy atasesa kum'mwera mu March 2023, tinadalira helikopita zochokera ku Tanzania ndi ku Zambia kuti tifikire anthu omwe misewu yawo inaduka. Ndege ya asilikali ya Dornier itagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, n'kupha Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena 8, zibenthu zake zinapezeka mawa lake. Apa m'pamene anthu wamba anayamba kufunsa: kodi tili ndi ndege zingati zouluka? Zimakonzedwa liti? Ndalama zake zimayenda bwanji? Mafunso amenewa anayenera kufunsidwa maliro asanachitike.

Ena ati mukaulula zoterezi mdani amva. Palibe akupempha kuti asilikali alengeze pa wailesi tsiku ndi ola lomwe akanyamuke. Chimenecho n'chinsinsi chovomerezeka. Koma kuti gulu lakutilakuti lilipo, amalilamula ndi uje, zida zake zinachokera kwakuti ndipo tinalonjeza chiyani pozilandira, izi komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo iyenera kuzidziwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anaikhazikitsira zomwezo.

Inu aphungu a Nkhata Bay, doko lanu linasungapo kale chinsinsi cha eni ake. Yambani ndinu kufunsa. Ngati dziko lino ligule helikopita, zikhale zoti msodzi bwato likamutembenukira ndi mwera pakati pa Likoma ndi Chintheche, akamva kulira kwake adziwe kuti chipulumutso chafika, osati athawire pansi pa bedi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.