Nkhokwe ya maiko imangidwe njala isanafike

Anthu a m'maboma a Petauke ndi Nyimba safunika munthu wocokera kutali kuti awaphunzitse kuthandiza mnansi pa tsoka. M'zaka za m'ma 1960, nkhondo yomenyera ufulu itabuka ku Mozambique, othawa nkhondo anapatsidwa malo ku Nyimba. M'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya Renamo inafika poipa m'cigawo ca Tete, anthu anaolokanso malire, ndipo oyamba kuwapatsa nsima ndi pogona anali anyakwawa ndi amai a m'midzi ya m'malire. Mu 1987 Boma, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, linatsegula malo a Ukwimi, amene pa nthawiyo anali m'boma la Petauke. Anthu oposa 20,000 anakhala kumeneko, nalima, naphunzitsa ana ao, kufikira anabwerera kwao mu 1994. Cifundo tiri naco ndithu. Koma lero tifuna kukamba za cinthu cimene cifundo pacokha sicingathe kucita, ndico kupeza ndalama zambiri, ndi kuzipeza msanga, pamene tsoka lagwera dziko lonse pamodzi ndi anansi ake omwe.

Nonse mukumbukira nyengo ya 2023/2024. Mvula inadula cimanga citayamba kumasula, ndipo dzuwa linaomba masabata angapo osaleka. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cimanga, pafupifupi 1 miliyoni anapsa. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa. Zokolola zinatsika kucokera pa matani oposa 3.2 miliyoni mu 2023 kufika pa matani 1.5 miliyoni okha. Mu April Boma linanena kuti lifunika K23.5 biliyoni, ndiko kuti madola a ku America oposa 900 miliyoni, kuti lipulumutse anthu 6.6 miliyoni.

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako. Nanga ndevu zikapsa mudzi wonse tsiku limodzi, azime za mnzake ndani? Ndi mmene zinaliri caka cimeneco. Malawi analengeza tsoka mu March, Zimbabwe mu April, ndipo mu May bungwe la SADC linapempha madola 5.5 biliyoni kuti lithandize anthu 61 miliyoni m'cigawo cino ca Africa. Aliyense anali ndi mbale yake m'manja, ndipo tonse tinali kugogoda pa makomo amodzimodzi.

Thandizo linabwera, ndipo tiyamika. Tanzania anabvomera kutigulitsa cimanga, World Bank inapereka madola 208 miliyoni mu July. Koma taonani mmene njira yopempha iyendera. Poyamba tsoka ligwe. Kenaka akatswiri awerenge obvutika, alembe kalata yopempha, akazembe aitumize kwao, nyumba za malamulo za maiko akutali zikambirane, ndipo pokhapo ndalama zinyamuke. M'miyezi imeneyo banja la ku Kacholola kapena kwa Mwanjawanthu silikhala cabe kudikira. Ligulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka ng'ombe yolimira, pa mtengo wotaya cifukwa aliyense ali kugulitsa. Mwana aleka sukulu. Mitengo igwa, matumba a makala nandandalika m'mbali mwa mseu wa Great East. Thumba la cimanga likafika mwezi wacisanu ndi cimodzi lipeza khola liri lopanda kanthu, ndipo banja limene likadafuna thandizo la nyengo imodzi lidzafuna la zaka zitatu. Akuluakulu amene anadya cimanga cacikasu ca mu 1992, cimene cinayenda ulendo wautali pa nyanja ndi pa njanji cisanafike kuno, adziwa kutalika kwa kudikira kumeneku.

Ndiponso lonjezo la pa msonkhano sindilo ndalama za m'thumba. Namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira mu March 2019, Mozambique anawerengera kuti kumanganso kudzafuna madola 3.2 biliyoni, opereka thandizo atasonkhana analonjeza 1.2 biliyoni. Mu 2022, pa msonkhano wa zanyengo ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana kukhazikitsa thumba lolipira zoonongeka ndi kusintha kwa nyengo. Caka cotsatira ku Dubai malonjezo oyamba anakwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Thumba la maiko onse osauka pa dziko lapansi linayamba ndi ndalama zocepa kuposa zimene Zambia yekha anafuna pa cilala cimodzi! Mu 2025 dziko la America linatuluka m'bungwe loyang'anira thumba limeneli, ndipo linatsekanso USAID, bungwe lake lothandiza maiko ena. Amene aika moyo wa ana ake pa mtima wa mlendo ayenera kudziwa kuti mtima wa mlendo umasintha ndi masankho a kwao.

Njira ina iripo, ndipo ndi ya ife eni a Africa. Mu 2012 bungwe la African Union linakhazikitsa nthambi yochedwa African Risk Capacity, mwacidule ARC. Ena amaifanizira ndi cilimba, koma sikufanana kwenikweni, pakuti m'cilimba aliyense amalandira ikafika nthawi yake. ARC ifanana kwambiri ndi thumba la maliro la mumpingo: onse asonkha kukali bwino, ndipo atapamo ndi yekhayo amene zamugwera. Dziko lisonkha mvula isanayambe. Lisanaloledwe kulowa, liyenera kuonetsa pulani yolembedwa ya mmene lidzagwiritsire nchito ndalamazo, kuti tsiku la tsoka pasakhale kufunsana. M'nyengo yonse makina a m'mlengalenga, masetilaiti, ayeza mvula yogwa m'dera liri lonse, ndipo muyezo umenewo ulinganizidwa ndi madzi amene mbeu ifuna kucokera pa kumera kufikira pa kukhwima. Mvula ikacepa kupyola malire amene anapangana, ndalama zituluka popanda kalata yopempha. Oyamba kulandira anali Senegal, Niger ndi Mauritania, amene anapatsidwa madola oposa 26 miliyoni kuciyambi kwa 2015.

Nzeru yake yagona pa kukula kwa Africa. Mvula ikakana ku Petauke sikuti yakananso ku Senegal. Thumba la anansi okhaokha lingaume tsiku limodzi, monga tinaonera mu 2024, koma thumba losonkhedwa ndi a kumadzulo, a kum'mawa ndi a kumwera lingapirire, cifukwa sitipsa tonse caka cimodzi.

Zambia analawako kale. Mu 2022 analandira madola 5.3 miliyoni cifukwa ca kubvuta kwa mvula m'nyengo ya 2021/2022. Mu 2024 Boma linalandira pafupifupi madola 10 miliyoni, ndipo World Food Programme, imene inagula inshuwalansi yofanana m'dzina la anthu a dziko lino, inalandira 3.3 miliyoni. Tisanamizane, abale: pa ndalama zonse zimene zinafunika caka cimeneco, izi sizinakwane ngakhale magawo awiri pa 100. Wina anganene kuti tsono phindu lake nciani. Yankho ndi lakuti munthu atapa molingana ndi mmene anasonkhera. Tinagula citetezo cocepa cifukwa cosonkha cathu cinali cocepa, ndipo ngakhale pa cocepaco abwenzi akunja anatithandiza kulipira. Colakwa siciri pa nkhokwe. Tinamanga yaing'ono.

Cifukwa cace tinena poyera kuti cosonkha ca ku ARC cikhale ndi mzere wake m'bajeti ya Boma caka ndi caka, monga malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, osati kukumbukiridwa pokhapo azanyengo acenjeza za El Niño. Kwa maiko olemera, amene utsi wa mafakitale ao ndiwo wasokoneza nyengo kuposa wathu, tinena kuti gawo la ndalama zimene amalonjeza pa misonkhano lipite kukakuza thumba limeneli tsoka lisanagwe. Dola loperekedwa mu October lipulumutsa ng'ombe. Loperekedwa mu July wotsatira lingogula ufa. Nalonso bungwe la SADC, limene mu 2021 linatsegula likulu loona za ngozi ku Nacala m'dziko la Mozambique, lionetsetse kuti maiko ake onse 16 asonkhera likulu limeneli caka ciri conse, kuti namondwe wonga Freddy, amene anapha anthu mazanamazana ku Malawi mu March 2023, akabweranso, ndege ndi cakudya zinyamuke tsiku lomwelo.

Pali nkhani ya nkhongole, imene sitingailambalale, popeza dziko lathu linalephera kubweza nkhongole zake zakunja mu November 2020 ndipo linatha zaka likambirana ndi okongoza. Kubwereketsa ndalama kwa munthu amene nyumba yake yapsa ndiko kumuonjezera katundu. Citsanzo cabwino cicokera kutsidya la nyanja ya Atlantic, ku zilumba za Caribbean, kumene anthu ambiri ndi zidzukulu za akapolo otengedwa ku Africa. Maiko a kumeneko anayamba thumba lao mu 2007. Namondwe wa Beryl atagwetsa nyumba pa zilumba za Grenada mu July 2024, thumbalo linalipira boma la kumeneko madola oposa 40 miliyoni pasanathe masabata awiri. Komanso Grenada anali atalembetsa kale m'mapangano a nkhongole zake kuti namondwe akaomba, kubweza kuyambe kwaima, ndipo kunaimadi. Mau otere ayenera kulowa m'pangano liri lonse limene nduna zathu zisaina.

Tsono mungafunse kuti zonsezi, za nduna ndi akazembe, zikhudza bwanji mlimi wa kwa Ndake kapena kwa Kalindawalo. Zimukhudza kwambiri, ndipo umboni wake uli ku Malawi. Mu 2015 boma la Malawi linasonkha madola pafupifupi 5 miliyoni ku ARC. Cilala cinagwa, tsoka linalengezedwa mu April 2016, anthu 6.5 miliyoni anasowa cakudya, koma makina anaonetsa kuti obvutika ndi ocepa kwambiri, ndipo ndalama sizinatuluke. Atafufuza m'midzi anapeza cifukwa. M'makina munalembedwa kuti alimi abzala cimanga cocedwa kuca, ca masiku 120 kufikira 140, pamene ambiri anali atasinthira ku mbeu yofulumira ya masiku 90. Mbeu yocedwa ikadatsitsimuka ndi mvula yakumapeto, koma yofulumira inali itamasula dzuwa liri pakati, niuma. Atakonza colakwaco, madola 8.1 miliyoni analipidwa mu January 2017, anthu atadya kale gaga ndi mizu. Setilaiti iona mtambo, koma siidziwa mbeu iri m'thumba la mlimi, kapena tsiku limene khasu linalowa m'nthaka. Zimenezo adziwa ndinu.

Nchito yanu, tsono, atsogoleri a m'nthambi ndi m'mawodi, anyakwawa, a makopaletivu ndi a magulu a amai, ndi iyi. Mlangizi wa zaulimi akafunsa mtundu wa mbeu, tsiku lobzala ndi kukula kwa munda, auzidwe zoona. Pali cizolowezi coipa cokuza munda pa nthawi yolembetsa fataleza ndi kuucepetsa pa nthawi yolembetsa cakudya ca njala. Wocita zimenezi aganiza kuti wacenjera, koma mabodza a midzi cikwi akaunjikana ndiwo asokoneza ciwerengero cimene Boma lipita naco kukapangana ndi maiko ena. Pamene pali coyezera mvula, pa sukulu kapena pa ofesi ya zaulimi, cisamalidwe ndipo buku lake lilembedwe tsiku ndi tsiku. Ana asacisandutse coseweretsa. Ndipo kaundula wa obvutika, amene apita ku ofesi ya DMMU yoona za ngozi, akhale wa nkhalamba, amasiye ndi olemala enieni, osafunsa kuti uyu ngwa cipani citi kapena ngwa banja la yani. Dziko limene ndalama zake za tsoka zisocera m'njira silipeza womuthandiza kusonkha caka cotsatira.

Ambiri a inu mudziwa kale inshuwalansi yotere pa msinkhu wa munda umodzi. Kuyambira nyengo ya 2017/2018, pa K400 imene mlimi anali kupereka ku pulogalamu ya FISP, K100 inali ya inshuwalansi ya nyengo. Madandaulo amene anamveka m'midzi, akuti sitidziwa mmene malipiro awerengedwera ndipo sitiuzidwa ngati dera lathu lapatsidwa kapena iai, ndi madandaulo oyenera, ndipo ndi omwewo amene dziko liyenera kupita nao ku thumba la maiko. Wosonkha ali ndi ufulu woona buku.

Mwezi wa September ukamatha, Nduna ya Zacuma imapereka bajeti ya caka cotsatira ku Nyumba ya Malamulo. Nthawi imeneyo isanakwane, aphungu a Petauke, Kaumbwe ndi Nyimba, pamodzi ndi makhansala ao, adzayendera madera anu monga mwa masiku onse. Mudzawafunsa za milatho, za zitsime ndi za msika wa nshawa ndi thonje, ndipo muyenera kutero. Pa mafunso amenewo onjezanipo awa: kodi caka cino dziko lasonkha zingati ku thumba la Africa, ndi maboma ati amene atetezedwa, ndipo ndalamazo zikatuluka zidzafika pa wodi yathu patapita masiku angati? Mlembi wa nthambi alembe yankho m'buku la msonkhano, ndi tsiku lake.