Tisagulitse usipa wonse

Akonzi,

Ndiloleni malo pa tsamba lathu lokondedwali kuti ndidandauleko za khalidwe lomwe lafala kuno kwa Makanjira.

Mkamwini wanga ndi msodzi wa chilimira. Usipa ukafa, amaugulitsa wonse kwa a geni opita nawo ku Limbe ndi ku Lilongwe, kenaka nkugulira banja kapaketi ka nyama ya soya. Chonsecho mwana wangayo ndi woyembekezera. Nditamufunsa adati, "Amayi, soya ndi nsomba nchimodzimodzi, zonse zili ndi omega-3." Mawuwa adawamva kwa mnyamata wina wogulitsa mankhwala pamsika.

Akonzi, ine ndidagwirapo ntchito ya zaumoyo m'midzi, ndipo ndikuti si chimodzimodzi ayi. Mafuta a omega-3 alipo a mitundu. A m'zomera monga soya amatchedwa ALA, pomwe a mu nsomba ndi EPA ndi DHA. Thupi limasandutsa ALA pang'ono chabe kukhala DHA, yemwe amamanga ubongo ndi maso a mwana akadali m'mimba ndiponso poyamwa. Nyama ya soya ya m'mapaketiyi ndiye adaifinya kale mafuta pokonza. Imamanga thupi, inde, koma siingalowe m'malo mwa nsomba. Ngakhale nsinjiro zathu zokomazi mulibe omega-3 woti nkuwerengera.

Nkhaniyi si ya azungu okha. M'chaka cha 2015 akatswiri adalengeza zomwe adapeza atayeza mkaka wa m'mawere wa amayi a boma lathu lino la Mangochi. Adaupeza ndi DHA wambiri, ndipo adaloza ku usipa womwe ifeyo tikuuyesa ndiwo ya amphawi.

Kunena za moyo wautali, madokotala a mtima amalangiza kudya nsomba kawiri pa sabata, poti anthu otero sakonda kufa ndi matenda a mtima. Sindikunena kuti usipa ndi mankhwala oletsa imfa. Masiku athu amawerenga ndi Mwini moyo. Koma nzomvetsa chisoni kuti a m'tauni azigula makapisozi a mafuta a nsomba pa mtengo wokwera, ife eni nyanja nkumagona ndi chigwada.

Choncho ndikupempha mashehe, abusa ndi ansembe athu: pa Ijumaa ndi pa Sabata kumbutsani abambo kuti asanatsanule nsomba kwa ogula, azipatula kaye mbale ya kunyumba, makamaka komwe kuli mayi wapakati, woyamwitsa kapena nkhalamba. Mafumu nawonso adzudzule ogwira nsomba ndi neti za udzudzu ndi ophwanya nyengo yotseka nyanja. Tikatha timbewu ta nsomba lero, adzukulu athu adzadya chiyani?

Soya tizilima ndi kudya ndithu, koma mphika wa usipa usazime moto.

Gogo wodandaula,
T/A Makanjira,
Mangochi.