Mphamvu ya M'botolo Siibeleka Mwana

Banja likakhala zaka zitatu lilibe mwana, acibale onse amaloza mkazi cala. Mwamuna ali pa kantemba na botolo lake la "power", palibe womufunsa. Cinyengo cimeneci cinitopetsa. Mu 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti munthu mmodzi pa anthu 6 alionse amakumanako na vuto la kusabeleka, ndipo pafupifupi theka la mabanja otele, vutoli limakhudza mwamuna.

Anyamata a m'komboni, onani zimene mumeza. Mu 2019 boma linaletsa cakumwa ca Power Natural High Energy Drink SX, copangidwa ku Ndola, cifukwa munapezeka sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Anthu anali kugugudiza mankhwala a dokotala monga maheu. Ndipo sildenafil imangothandiza mwamuna pabedi, siiwonjezela mbewu mu umuna.

Ine nimaphunzitsa sayansi, conco nikamba zimene zinapimidwa. Tartrazine, utoto wacikasu wolembedwa E102 pa mapaketi, komanso MSG yokometsa supu, zinayesedwa pa makoswe. Atapatsidwa zambili, mbewu zawo zinacepa na kufooka. Ena atapatsidwanso madzi ofinyidwa ku zipatso, zinakhalako bwino, pakuti vitamini C na zina za m'zipatso zimateteza maselo. Koma khoswe wa mu labu si mnyamata wa ku Kanyama, ndipo mlingo umene amam'patsa si wa m'mbale yanu. Ogulitsa makapisozi a "zipatso" pa Facebook mfundo iyi amaibisa dala. Wina anakugulitsani utoto, uyu akugulitsani mantha, ndalama ni zanu zomwezo.

Magwafa, mango, masuku na mabuyu zili mbwee pa Soweto Market. Idyani cipatso cenico. Ŵelengani paketi musanagule. Cepetsani fodya na kacasu, cifukwa izi ndiye zodziŵika bwino kuti zimawononga mbewu za munthu. Thupi limatenga masiku pafupifupi 74 kupanga mbewu zatsopano, conco musayembekezele cozizwitsa pa wiki imodzi.

Caka cikatha popanda mimba, pitani ku cipatala nonse aŵili. Kupima umuna n'kosavuta kupambana zimene mkazi amapitamo, ndiye mwamuna ayambe ndiye. Amene akana kupimidwa asatukwane mwana wa eni.