Kanyama kolima usiku ndi mlandu wa amphaka



Lero tikambirane za kanyama kena ka ku Australia kotchedwa bettong. Kukula kwake n'ngati kalulu, koma kamadumpha ndi miyendo yakumbuyo ngati kangaroo, ndipo kakakazi kamalera mwana m'thumba la pamimba. Bere lake ndi la masabata atatu okha. Mwana amabadwa wosakhwima, n'kukwawira m'thumbamo momwe amayamwa kwa miyezi itatu. Masana kamagona m'chisa cha udzu, ndipo udzuwo kamaunyamula poukulunga ndi mchira.

Usiku ndi pamene kamagwira ntchito. Chakudya chake chachikulu ndi bowa womera pansi pa nthaka, choncho kamachezera kukumba. Mtundu umodzi, umene anthu a Noongar amautchula kuti woylie, sulemera kupitirira makilogalamu awiri, koma kanyama kamodzi kamatembenuza dothi lokwana pafupifupi matani 5 pachaka. Timaenje take timasunga madzi a mvula ndi masamba owola. Ndowe zake zimafalitsa bowa uja, amene amathandiza mizu ya mitengo kupeza chakudya. Kakasowa, nthaka imauma gwa ndipo nkhalango imafooka.

Tsoka linabwera ndi Azungu, amene anafika ndi amphaka, kenako m'zaka za m'ma 1800 n'kubweretsa nkhandwe zofiira kuti azichita masewera osaka. Pofika m'ma 1970, woylie amene kale anali m'madera ambiri a dzikolo anatsala m'malo atatu okha ku Western Australia: Dryandra, Tutanning ndi Perup. Boma linayamba kutchera nkhandwe nyambo za poizoni wa 1080, amene nyama zambiri zakumeneko zimamupirira chifukwa amapezekanso m'zomera zakwawoko. Woylie anaswana, ndipo mu 1996 anachotsedwa pa mndandanda wa nyama zimene zili pangozi. Anthu anasangalala.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Kuyambira cha m'ma 1999, zaka khumi zisanathe, pa woylie 10 aliwonse 9 anatha, ndipo mu 2008 anabwezeredwa pa mndandanda uja. Ofufuza anapeza kuti amene anali kupha ambiri anali amphaka olowerera m'tchire.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikuwawa. Ambiri a ife tinakula tikuphunzitsidwa kuchitira mphaka chifundo, ndipo chiphunzitsocho n'choona. Wina angafunse kuti, mphaka walakwanji poti akungofuna chakudya? Sanalakwe. Wolakwa ndi munthu amene anamupititsa kumalo osayenera n'kumutayirira. Komabe maganizo anga ndi akuti kuchotsa amphaka am'tchire m'nkhalango zimenezi, ngakhale powapha, n'koyenera, bola zichitike mofulumira ndi mopanda nkhanza. Amphaka ali paliponse padziko lapansi, pamene bettong kwawo ndi ku Australia kokha. Tikamvera chisoni chimene timachiona pakhonde n'kuiwala chimene chikufera mumdima, ndiye kuti chifundo chathu n'chokondera.

Njira zosapha ziliponso, ndipo ziyenera kutsogola pamene zingatheke. Mtundu wina wa bettong unatheratu kumtunda kwa Australia m'ma 1920 n'kutsala pachilumba cha Tasmania chokha. Mu 2012 unabwezeredwa ku Mulligans Flat mumzinda wa Canberra, m'kati mwa mpanda wotchinga nkhandwe ndi amphaka, ndipo unaswana. Mumzinda womwewo, mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 ayenera kusungidwa pakhomo, osamangoyendayenda. Limeneli ndi lamulo labwino, chifukwa likuika udindo pa mwini chiweto.

Koma mpanda umafuna kuyenderedwa tsiku ndi tsiku, ndipo nyambo zikasiya kuikidwa adani amabwerera. Zimene zinachitika pambuyo pa 1996 zikutiphunzitsa kuti kusamala chilengedwe kulibe tsiku lomaliza. Amene wasokoneza ali ndi ngongole yokonza, ndipo ngongoleyo amaibweza chaka ndi chaka, ngakhale kanyamako sikadzamuthokoza.